Kubisira tiana chuma pabwalo: njira iti ikuyenera mwana wanu?

Pa 1 Juni, tsiku la ana lomwe kuno ku Mozambique timangoti Dia da Criança, makolo amene apezako kangachepe amagulira ana zovala, amaphika mpunga, n'kuwaperekeza kusukulu kapena ku escolinha (sukulu ya mkaka) kukavina ndi kudyera pamodzi ndi anzawo. Ana okulirapo tsikuli amaliwerengera zala. Amene amasowa chawo ndi ang'onoang'ono aja, a chaka chimodzi ndi theka mpaka zaka zitatu, oti kuyenda akuyenda, kuthamanga akuyesera, koma sangaime pamzere wa gule kapena kudikira kuti akuluakulu amalize kuyankhula. Amangokakamira kapulana (chitenje) ya mayi mpaka tulo. N'chifukwa cha ana amenewa kuti ine ndi azilamu anga kuno ku Ulongwe tinayamba kumabisa tinthu pabwalo kuti iwo afunefune okha.

Chaka choyamba ndinalakwitsa, ndipo zinandikhudza. Ndinatenga katoni n'kujambulapo mapu a pakhomo pathu: nyumba, khitchini, nkhokwe, mtengo wa pichesi, ndi kamtanda posonyeza pomwe ndinabisa phukusi la mandasi. Panali ana 7. Anyamata awiri a zaka 6 anangoyang'ana katoniyo kamodzi, liwiro, ndipo posakhalitsa phukusi linali m'manja mwawo. Ang'onoang'ono anatsala ataima pakati pa bwalo, wina akulira, wina akutafuna ngodya ya katoni. Mwana wa mlamu wanga, wa zaka ziwiri ndi miyezi itatu, anabwerera kwa amayi ake ndi kadengu kopanda kanthu. Masewerawo ndinakonzera iwowo, koma ndi iwowo amene sanalaweko.

Kuchokera pamenepo tayesa njira zingapo, zina pa Tsiku la Ana, zina pa Khrisimasi, zina Loweruka wamba azisuweni akabwera kudzacheza. Njira iliyonse ndimaiyeza ndi mafunso awiri. Loyamba: kodi mwanayo angaimve popanda kumufotokozera zambiri? Lachiwiri, lomwe anthu ambiri saliganizira: mawa akadzabwereza masewerawa yekha, inu muli kumunda kapena kumsika, adzapisa dzanja pati? Chifukwa adzabwereza ndithu. Mwana wa zaka ziwiri akapeza nachesi kuseri kwa mtondo lero, mawa m'mamawa apitanso kuseri kwa mtondo womwewo.

Kubisa moonekera

Iyi ndiyo njira yoyambira, ndipo kwa mwana amene sanakwanitse zaka ziwiri ndi theka palibe ina yoiposa. Mumatenga zinthu 10 kapena 12 zofanana, n'kuziika malo oti theka likuoneka, theka labisika. Nachesi lisuzumire pansi pa lichero lovundikira. Chitsononkho chitulukire kumapeto kwa mphasa yopinda. Kapu yapulasitiki ikhale pa mpando, itafundidwa mpango koma chogwirira chili panja. Kwa ife akuluakulu uku si kubisa, koma mwana wa msinkhu umenewu akavundukula lichero n'kupeza nachesi, amakuwa ngati wapeza ng'ombe yosokera.

Musanayambe, muonetseni chimodzi m'manja: "Ona ichi. Zinzake zili kuti? Kafune." Basi. Mawu ena owonjezera amangomusokoneza. Mupatseni kadengu, kambale kapena kandowa kopanda madzi koti aziponyamo, chifukwa ana a msinkhu uwu amakonda kunyamula ndi kuponya m'chotengera mwina kuposa kupeza kwenikweniko. Ena sasunga n'komwe: akapeza chimodzi amathamangira kwa agogo kukapereka, n'kubwerera kukafuna china. Asiyeni atero.

Ubwino wake ndi woti sifuna ndalama kapena kukonzekera kwa nthawi yaitali, ndipo inu ndinu amene mumasankha malo onse, choncho mungathe kusankha malo okhawo oti ngakhale atadzabwererako yekha palibe choopsa. Vuto lake ndi loti imatha msanga, komanso mwana mmodzi wachangu angathe kutolera zonse anzake akadali kuyang'anayang'ana. Ife tinathana nalo pogawa mitundu: uyu afune zitsononkho zokha, uyo makapu okha, winayo masokosi opindidwa ngati timipira. Mwana wa zaka ziwiri nthawi zambiri satha kutchula mitundu ya zinthu monga kufiira kapena kubiriwira, koma mukamugwiritsa chinthu m'manja amatha kufuna chofanana nacho. Wa zaka zitatu zakwana njira iyi imamutopetsa pakapita maulendo awiri, amayamba kukuuzani kuti mubise kwenikweni.

Kutsata mzere wa phulusa

Iyi ndiyo ndimaikonda, ndipo ndikhalapo nthawi yaitaliko chifukwa ili ndi tinthu tambiri toyenera kusamala.

Mumasesa bwalo, n'kuthira phulusa mzere wokhotakhota kuchokera pakhonde mpaka pomwe pali chuma. Mzerewo uzungulire mtengo, udutse pakati pa mipando iwiri, ukwere pa mphasa n'kutsika, kenaka ukathere pa dengu lovundikira. M'njiramo muike poimira pawiri kapena patatu pomwe mwana apezepo kanthu kakang'ono komulimbitsa mtima. Utali wake usapitirire mapazi 20 a munthu wamkulu. Ndinayesapo wautali wozungulira nyumba yonse, ana anausiya pakati n'kuyamba kuthamangitsa anapiye.

Chomwe chimandikopa pa njira iyi n'chakuti imalankhula yokha. Azisuweni a ana athu amene amakhala mumzinda wa Tete ndi ku Moatize amabwera akuyankhula Chinyungwe kapena Chipwitikizi, athuwa Chichewa, koma pa mzere wa phulusa palibe amene amafuna womasulira. Wina amakuwa "Ndapeza!", wina "Achei!", chisangalalo n'chimodzi. Komanso mzerewo ndi umene umatsogolera mapazi a ana. Pa njira zina mwana amayendayenda paliponse pomwe maso amutengera, mpaka kuseri kwa khola kapena kufupi ndi chitsime. Apa amayenda pomwe inu mwafuna.

Phulusalo likhale la dzulo kapena dzana, lozizira kwenikweni, ndipo mulisefe kuti muchotse makala ndi misomali yomwe imatsalira tikasonkhezera matabwa akale. Musakhulupirire phulusa chifukwa choti pamwamba likuoneka loyera. Pansi pake limasunga moto usiku wonse, ndipo phazi la mwana ndi lofewa. Pisanimo dzanja lanu kaye. Laimu wopakira nyumba musamugwiritse ntchito ngakhale amaoneka bwino pa dothi lofiira, chifukwa amawotcha maso, ndipo ana amagwira pansi n'kudzitikita m'maso nthawi yomweyo. Ufa nawo ayi. Ulendo wina mlamu wanga anafuna kuthira ufa, apongozi anamuletsa: "Amayi, chakudya sichithiridwa pansi ana akuona." Ndinagwirizana nawo, ndipo ngakhale akanalola, nkhuku zikanadya mzerewo ana asanayambe.

M'miyezi ya Juni ndi Julayi mphepo ya mwera imaulutsa phulusa. Wazani madzi pang'ono pabwalo musanathire, ndipo thirani patatsala mphindi zochepa kuti muyambe. Nthawi ya mvula njira iyi siitheka panja. Ena m'malo mwa phulusa amang'amba kapulana yakale n'kulumikiza nsanzazo kukhala chingwe chachitali choti mwana azitsata atachigwira. Zimagwira ntchito, makamaka m'nyumba kapena pakhonde la simenti, ndipo ana amakonda kukoka. Koma chingwe chachitali ndi khosi la mwana siziyenderana. Ngati mwasankha chingwe, munthu wamkulu akhale pambali pa mwanayo nthawi yonse, ndipo masewera akangotha chikulungeni n'kuchiika pamwamba. Phulusa mungalisiye, tsache la mawa lichotsa.

Chofooka china ndi chakuti chuma chimakhala pamalo amodzi, ndiye woyamba kufika ndiye amavundukula. Ana akakhala oposa atatu, thirani mizere iwiri yopita ku madengu awiri, kapena mangani dengulo ndi mpango mfundo yoti mwana sangamasule, kuti onse afike kaye kenaka agogo amasule onse akuona.

Kufukula m'beseni

Si aliyense ali ndi bwalo. Amene amachita lendi mumzinda wa Tete, kapena amene khomo lawo layang'ana msewu wodutsa njinga zamoto, sangamasule ana kuti azithamanga. Komanso kumunsi kuja, m'mbali mwa Zambezi, m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40, dothi limawotcha mapazi ngakhale a munthu wamkulu. Kumeneko njira yabwino ndi ya beseni: mumadzaza beseni lalikulu lochapira ndi chinthu chofukulika, n'kukwiriramo zipande, makapu, timagalimoto tapulasitiki tatikulutikulu, kenaka n'kuliika pamthunzi kapena pakhonde. Ana amakhala pansi molizungulira n'kumafukula.

Funso ndi loti mudzazemo chiyani. Makoko ouma a chimanga ndiwo ndawapeza abwino: ndi opepuka, salowa m'mphuno, amachita phokoso lomwe ana amalikonda, ndipo mu Meyi ndi Juni, anthu akukolola, amapezeka mbwee. Akung'untheni kaye ndipo muwayanike padzuwa kuti tizilombo tichoke. Nsanza zoyera ndi zovala zakale nazonso zimachita bwino. Mchenga wa kumtsinje ana amaukonda kwambiri, koma umafuna kusefa chifukwa cha magalasi osweka ndi zonyansa za amphaka ndi agalu, ndipo pamakhala mmodzi amene amauwaza m'maso mwa mnzake. Chimanga chotong'ola, nyemba ndi soya musayese n'komwe. Ana amaziika m'mphuno ndi m'makutu, nyemba ikalowa m'mphuno imafufuma, ndipo mbewu zambiri za m'matumba mwathu zimakhala zothira mankhwala a anankafumbwe. Madzi nawo ayi: mwana wamng'ono angathe kumira m'madzi osafika n'komwe m'chigongono, ndipo zimachitika mwakachetechete.

Njira iyi imasunga ana nthawi yaitali kuposa zina zonse, chifukwa akamaliza amakwiriranso okha n'kuyambiranso. Imayeneranso mwana wamanyazi, ndi amene sanalimbe miyendo. Chomwe imasowa ndi kuthamanga. Mwana wanyonga amene wakhala m'nyumba tsiku lonse beseni silimukwanira, amaligubuduza.

Zithunzi za pa foni, ndi zinthu zolozera

Apa ndi pomwe miyezi ingapo ya kusiyana msinkhu imaonekera kwambiri. Njirayi imayenda chonchi: mumajambula ndi foni malo anayi kapena asanu a pakhomo, monga mtondo, thandala, mtengo wa pichesi ndi mpando wa agogo. Mumamuonetsa mwana chithunzi choyamba, iye amathamangira pamalopo n'kupeza kanthu, amabwerera kudzaona chithunzi chachiwiri, mpaka chomaliza pomwe pali chuma chachikulu.

Kuti chithunzi chikuimira malo enieni, ife timaona ngati n'zodziwikiratu, koma mwana amachita kukula nazo. Mu 1987 katswiri wa kaganizidwe ka ana wa ku America, Judy DeLoache, anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake pa nkhani yomweyi. Ankaonetsa ana kachipinda kachidole kofanana ndendende ndi chipinda chenicheni, n'kubisa kagalu kachidole m'kachipindako mwana akuona, kenaka n'kumuuza kuti akafune chidole chachikulu pamalo ofanana m'chipinda chenichenicho. Ana a zaka zitatu ambiri ankapita molunjika. A zaka ziwiri ndi theka ambiri ankalephera, ngakhale ankakumbukira bwinobwino pomwe kagalu kakang'ono kanabisidwa m'kachipinda kachidole kaja. Atawaonetsa zithunzi m'malo mwa kachipindako, a zaka ziwiri ndi theka anachita bwino, koma a zaka ziwiri zokha zinkawavutabe. Nditamva zimenezi ndinakumbukira katoni yanga ija. Mwana wa mlamu wanga sanali wogona m'mutu. Kwa iye katoniyo inali katoni chabe, osati chithunzi cha bwalo lomwe anaimapo.

Choncho zithunzi ziyambireni pa zaka ziwiri ndi theka kupita m'tsogolo, ndipo zikhale zojambula ndi foni, zapafupi, chinthu chimodzi pa chithunzi chimodzi. Zojambula pamanja zimavuta pokhapokha ngati muli ndi luso. Komabe ndili ndi dandaulo ndi foni. Ikangotuluka m'thumba, ana ena amaiwala za chuma n'kuyamba kulirira foniyo. Padzuwa siionekanso bwino, ndipo ana anayi sangaonere pamodzi popanda kukankhana. Imayenda bwino ndi mwana mmodzi kapena awiri, foni ili m'manja mwa munthu wamkulu.

Amalume a ana athu anabwera ndi nzeru ina yomwe ine ndaiona kuti ikuposa foni: m'malo mwa chithunzi, mupatseni mwana chinthu cholozera. Mukamupatsa munsi waung'ono, apite ku mtondo. Pa mtondopo apeze chikho, chimutengere ku mtsuko wopanda madzi womwe mwauika pamthunzi. Mu mtsukomo apeze nsapato ya agogo, imutengere kwa agogo amene akhala pa mphasa atafungatira dengu la chuma. Mwana wa zaka zitatu amene amaona zinthuzi tsiku ndi tsiku amadziwa kuti chiti chimayenda ndi chiti, ndipo nkhope yake ikamawala pozindikira, mtima wa kholo umadzaza. Ingosamalani ndi komwe zinthuzo zikulozera. Mthiko umalozera kumoto, nthenga imalozera kukhola, sopo amalozera kubafa komwe kumakhala ndowa zamadzi. Zimenezo zisiyeni.

Zilape, mapu ndi kuwomba m'manja

Izi ndidutsapo msanga chifukwa si za msinkhu uno. "Chilape!" "Nachize!" "Nyumba ya amayi yopanda khomo." Mwana wa zaka zisanu amasangalala kuganiza mpaka kupeza kuti ndi dzira n'kuthamangira ku chisa. Wa zaka ziwiri amamva mawu oti nyumba n'kulowa m'nyumba. Mapu ndanena kale. Njira yowomba m'manja mwamphamvu mwana akayandikira chuma ndi pang'onopang'ono akatalikira imayamba kumveka cha pa zaka zitatu, koma ana ambiri ang'onoang'ono akamva anthu akuwomba amangoima n'kuyamba kuvina, ndipo amanyazi amathawira kwa mayi.

Koma pakhomo pathu sipakhala ana a msinkhu umodzi, ndiye okulirapo simungawathamangitse. Apatseni udindo. Iwo ndiwo athire phulusa, abise zinthu inu mukuona, ndipo aliyense agwire dzanja la mng'ono wake ndi lamulo limodzi: kuloza ndi pakamwa kapena ndi chala n'kololedwa, kutola ayi. Ang'ono akamaliza, akuluwo muwakonzere ulendo wawo wa zilape, wovuta ndithu, chuma chake chofanana ndi cha ang'ono kuti pasakhale kudandaula.

Chuma chake chikhale chiyani, ndipo chibisidwe pati

Njira iliyonse yomwe mungasankhe, apa ndi pomwe pali moyo wa mwana. Pindani chala chachikulu ndi chamkombaphala kuti zipange bowo. Chilichonse chodutsa pabowo limenelo, lomwe ndi masentimita atatu kapena anayi, chisakhale m'masewerawa, chifukwa mwana wosakwana zaka zitatu chomwe wapeza amayamba wachilawa. Ndiye kuti mtedza ayi, masiwiti olimba ayi, ndalama zachitsulo ayi, zitsekerero za mabotolo ayi, mikanda ndi mabatani ayi. Masau, omwe chigawo chathu cha Tete chimatchuka nawo ndipo amadzaza m'misika nyengo yozizira, ali ndi nthangala yolimba ya msinkhu woti n'kutsamwitsa mwana; chimodzimodzi njere za malambe. Asiyireni akuluakulu. Mabaluni ana amawakonda, koma likaphulika, kachidutswa kake kakalowa kummero kamatseka mpweya. Choopsa koposa ndi timabatire tozungulira ngati batani, ta m'mawotchi ndi m'tizidole toyaka magetsi totchipa ta pamsika: kakamezedwa n'kukakamira kummero, kamayamba kuwotcha mnofu m'maola awiri okha. Kachidole koyaka kalikonse, onani ngati pa batire pali potseka ndi sikuluwu. Ngati palibe, kasalowe m'dengu.

Zabwino ndi zazikuluzikulu. Pa 1 Juni manachesi amakhala ali pakolekole, makamaka ochokera mbali ya Zobwe, ndipo ndi abwino chifukwa amawala, ali ndi khungu loteteza ku dothi, ndipo munthu wamkulu amasenda n'kuchotsa njere pambuyo pake. Nthochi, mbatata yophika, mandasi, zitumbuwa kapena chigumu zikhale m'poto wovundikira kapena m'mbale yomanga ndi nsalu, pamapeto pa ulendo, osati zomwazika pabwalo pomwe nkhuku ndi agalu amayenda. Pa Khrisimasi kumakhala mango. Ine ndimakonda kuti zofunafunazo zikhale zosadyedwa, monga zitsononkho ndi makapu, ndipo chakudya chibwere onse atasonkhana, atasamba m'manja ndi sopo. Manja amene afukula pabwalo lonse asapite kukamwa osasamba, makamaka nthawi ya mvula pomwe matenda otsekula m'mimba ndi kolera amavuta m'chigawo chino.

Tsono malo. Yendani pabwalo lonse musanabise kanthu, ndipo weramani kuti muone monga mwana amaonera. Pamulu wa njerwa, pamulu wa nkhuni, pansi pa nkhokwe, m'mauna, m'miyala ndi m'udzu wautali ndi malo okoma kubisapo, koma ndi momwenso mumakhala zinkhanira ndi njoka. Ngakhale mutayang'anamo lero n'kupeza mulibe kanthu, mwamuphunzitsa mwana kuti m'menemo mumakhala zabwino, ndipo sabata yamawa adzapisamo dzanja inu kulibe. Pachifukwa chomwecho musabise kufupi ndi chitsime, chimbudzi, dzala lotayako phulusa lamoto, mbaula, mpanda wa kumsewu, kapena m'chipinda chosungira feteleza, mankhwala a mbewu, a makoswe ndi parafini. M'thumba la amayi kapena m'chikwama cha agogo musabisenso, chifukwa m'menemo ndi momwe mumakhala mapiritsi. Ngati pakhomo pamera nsatsi, dziwani kuti njere zake n'zokongola m'maso mwa mwana koma ndi poizoni. Masewera achitikire kutali nazo. Onaninso ngati linthumbu silinadutse usiku.

Malo abwino ndi amene mwawapanga nokha tsiku lomwelo ndipo mudzawachotsa: lichero lovundikira, mphasa yopinda, mpando wofundika chitenje, katoni, dengu, poto wopanda kanthu. Masewera akatha, malowo amatha nawo.

Ndiye musankhe iti?

Mwana mmodzi kapena awiri osakwana zaka ziwiri ndi theka, bwalo lilipo: bisani moonekera, ndipo bwerezani malo omwewo kawiri kapena katatu, chifukwa kwa iwo kubwereza ndiko kukoma. Gulu losakanikirana, ena akuyankhula Chichewa ena Chinyungwe, ena a zaka ziwiri ena zitatu, kunja kuli kouma: mzere wa phulusa. Malo ochepa, dzuwa la kumunsi kwa Zambezi, kapena mvula ya Januwale: beseni la makoko. Mwana wa zaka zitatu amene wayamba kunena kuti zinazo n'zachibwana: zinthu zolozera, foni ikhale yachiwiri. Mutandifunsa imodzi yokha yoti ndingapite nayo kulikonse m'Angónia muno monga ku Domwe, ngakhalenso ku Tsangano kapena ku Furancungo, ndingatenge phulusa n'kuwonjezerapo tinthu tobisika moonekera m'mbali mwa mzerewo, kuti amene watopa kutsata apezebe kena kake.

Za nthawi, kuno kumtunda m'mawa wa Juni kumazizira kwambiri, ndiye dikirani dzuwa lifunde, cha m'ma 10 koloko. Kumunsi nthawi yotentha chitani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka. Ana akhale atadya ndipo asakhale ndi tulo. Mwana wanjala safuna chuma, amafuna bere kapena phala. Masewera onse asapitirire mphindi 15, ndipo muwathetse ana akadali kuseka. Pa ana atatu aliwonse pakhale munthu wamkulu mmodzi amene ntchito yake ndi kuyang'ana ana basi, osati kuphika, osati kujambula. Wina akakana kusewera musamukakamize. Akhale pamiyendo pa azakhali ake aonerere, ulendo wachiwiri nthawi zambiri amatsika yekha.

Ndipo werengani zomwe mwabisa. Zikalowa 12, zituluke 12. Chaka chathachi tinabisa manachesi 10, m'dengu munabwerera 9, ndipo tonse tinaganiza kuti wina wadya. M'mamawa mwake, ine ndikusesa, ndinaona mwana wa mlamu wanga uja, amene tsopano ndi wamkulu pa gulu la ang'onoang'ono, atagwira dzanja la mng'ono wake wa chaka chimodzi ndi miyezi 8, akumuyendetsa pa zotsalira za mzere wa phulusa wa dzulo. Anazungulira mtengo wa pichesi, anadutsa pomwe panali mipando, n'kukaima pa katoni yomwe tinaiwala kuchotsa pakhonde. Wamkuluyo analoza ndi chala osatola. Wamng'onoyo anatukula katoni, nachesi lachikhumi lili pomwepo, ndipo ananyamuka nalo ndi manja awiri kupita kwa agogo ake amene anali kuwothera dzuwa pakhomo la khitchini.